Njanji ya Kudenga

Ana a kuno ku Kabwazi amapanga zimene maso awo aona. Mukamayenda madzulo m'njira za m'mudzi mumakumana ndi magalimoto a mawaya: malole a matayala a zitsekerero za mabotolo, maminibasi odzaza zitsononkho m'malo mwa anthu, masiku ano mpaka njinga zamoto za kabaza. Kudambo, ali koweta, amaumba ng'ombe za dongo n'kuzimangirira ngolo ya mapesi. Koma sitima yapamtunda sindinaionepo m'manja mwa mwana wa kuno. Angaipinde bwanji asanaione? Njanji ili kuseri kwa mapiri, kunsi ku Golomoti ndi Mtakataka, ina ili ku Kanengo ku Lilongwe, ndipo mwana wa kumadzulo kwa msewu wa M1 angathe kukula mpaka kukwatira asanapondepo chitsulo chake.

Ndinaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma. Chaka ndi chaka ndinkajambula njanji pabolodi, mzere wautali wokhala ndi timizere topingasa, kuchokera ku Nsanje kukwera ku Limbe ndi Blantyre, kudzera ku Balaka mpaka ku Salima, kenako Lilongwe ndi Mchinji, osaiwala nthambi ya ku Nayuchi. Ana ankaloweza ndipo mayeso ankakhoza. Koma ndikawafunsa chimene chimaletsa sitima kuphonya njanji ikamakhota, poti ilibe chiwongolero, kalasi yonse inkangoti zii. Kamkombero kam'kati mwa gudumu, kamene kamagwira m'mbali mwa chitsulo, n'kosavuta kumvetsa ukakaona, koma n'kovuta kukafotokoza ndi choko.

Tsono mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza katoni pabasi, n'kulemba pa WhatsApp kuti, "Amalume, izi ndazipeza pa kaunjika wa kuno, mudziwa nokha chochita nazo." M'katonimo munali mutu wa sitima yachidole, mabogi angapo, zidutswa za njanji zowongoka ndi zokhota, ndi kabokosi kochepetsera ndi kuwonjezera liwiro. Ndinaziyala patebulo, zidzukulu zikusuzumira pazenera. Mayi a kunyumba sanachedwe.

"Bambo, patebulopo timadyerapo. M'chipinda chinacho muli soya ndi mtedza. Zidole zanuzo kaikeni kudenga."

Ankanena moseka, koma ine ndinayang'ana kumwamba.

Kumaiko ozizira, monga England ndi Germany, n'kumene anthu ambiri amaika njanji zoterezi. Madenga a kumeneko ndi otsetsereka kwambiri kuti mvula ndi chipale zizitsika msanga, choncho pakati pa siling'i ndi denga pamatsala malo oti munthu angaime. Kampani ya Märklin inaonetsa ku Leipzig mu 1891 masitima achidole okhala ndi njanji zolumikizika za miyeso yofanana, Frank Hornby wa ku Liverpool anayamba kugulitsa ake mu 1920, ndipo kuyambira pamenepo akuluakulu a imvi akhala akukwera makwerero kukaseweretsa zimene amati anagulira ana. Ku Hamburg kuli Miniatur Wunderland, yomwe inatsegulidwa mu 2001, ndipo njanji zake zachidole zimaposa makilomita 15. Zimenezo n'za kumeneko. Denga la malata la kuno linamangidwa ndi munthu wowerengera mtengo wa lata lililonse, ndiye ndi logona. Nditakwera ndi tepi ndinapeza kuti m'litali muli mamita 7, koma pakati penipeni, pamene denga latalika kwambiri, mpata sufika mita ndi theka. Munthu saima. Amakhala pakampando, ndipo akafuna kupita kumapeto amakwawa ngati buluzi.

Kalipentala amene anakhoma dengali ndinamuitana kuti adzaone. Anawalitsa tochi uku ndi uku, n'kunena zinthu ziwiri zimene zakhala maziko a pulani yonse. Choyamba: "Aphunzitsi, siling'i si pansi. Mukaponda pakati pa matabwa mudzapezeka muli pabalaza." Chachiwiri: thirasi ngakhale imodzi isadulidwe, chifukwa ndi imene yanyamula denga, ndipo mphepo ya mvula zoyamba siseka ndi denga lofooka. Poyenda payenera kukhomedwa matabwa okhuthala otsamira pa makoma a njerwa, osati pa timitengo togwira siling'i. Njanji nayo iyenera kudutsa m'mipata ya mathirasi mmene alili. Ndinali ndisanajambule kanthu, koma nyumba inali itasankha kale kumene sitima idzadutse.

Kenako pali nyengo. Mu Okutobala, dzuwa likafika pamutu, pansi pa malata sipakhalika, ndipo chitsulo chikatentha chimatalika. Amene anakwerapo sitima amakumbukira kugogoda kwa magudumu pamalumikiziro a njanji: kampata kameneko amisiri ankakasiya dala kuti zitsulo zisakankhane n'kupindika nthawi yotentha. Kanjanji kanga kafuna timipata tomweto, tochepa ngati makulidwe a chikuto cha kope. Mu Juni ndi Julaye vuto limatembenuka. Chisanu cha ku Dedza chimaunjika madzi kunsi kwa malata usiku, m'mawa n'kumadontha, choncho pamwamba pa njanji payenera kukhala pulasitiki kapena mikeka yokhomerera. Thabwa ndiye losakhulupirika kuposa chitsulo. Paini wa ku Chongoni ndi wabwino ndiponso wopepuka, koma ukamukhoma ali wauwisi amapotoka pouma, dzinja amafufuma, chilimwe amanyala, ndipo njanji yokhomedwa pamwamba pake imapita kumene iye wapita. Ndagula matabwa ndipo ndawaimika pamthunzi kuti aume mosafulumira. Za makoswe ndi mileme sindinena zambiri. Mawaya adzadutsa m'timapaipi, mabogi azidzagona m'chitini chotseka, ndipo mphaka wapakhomo wapatsidwa udindo watsopano.

Zonsezo ndi ntchito ya manja. Chimene chandigoneka mochedwa ndi masamu.

Njanji ya m'katoni ija ndi ya muyeso wotchedwa HO, momwe chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Munthu wamkulu amakhala wotalika masentimita awiri. Kilomita imodzi ya dziko imafuna mamita 11 ndi theka. Ndiye kuti denga langa lonse, kuchokera kukhoma ili kufika linalo, likukwana mamita 600 okha a dziko lenileni, mtunda umene mayi wopita kudimba amayenda asanatule khasu paphewa. Sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala zimakoka mabogi oposa 100, ndipo imodzi yokha singakwane m'dengamo ngakhale itangoima chilili. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wa makilomita pafupifupi 3.7, ungafune mamita 42. Pokhota napo pali lamulo lake: kuti kasitima katembenuke n'kubwerera kumene kachokera, pafunika thabwa la mita imodzi m'lifupi, pamene dzanja la munthu wokhala pansi limafika bwinobwino masentimita 60 kapena 70. Chimene dzanja silifika, tsiku lina chidzagwa, ndipo chidzagwera komweko.

Ndiye pali nkhani ya kutalikirana kwa zitsulo. Pa HO zimatalikirana mamilimita 16.5, kuimira njanji za ku Ulaya ndi ku America za mamilimita 1,435. Yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, yofanana ndi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Sitima yathu itachepetsedwa ka 87 ingafune zitsulo zotalikirana mamilimita 12. Anthu a ku New Zealand ndi madera ena a Australia, amene njanji zawo zikulingana ndi yathu, anapeza njira kalekale: amasunga njanji ya mamilimita 16.5, koma mabogi, nyumba ndi anthu amazichepetsa ka 64 kokha. Mukagawa 1,067 ndi 64 mupeza 16.7, ndipo kusiyanako diso silikuona. Ine ndatsata zomwezo. Ndisunga magudumu ndi kainjini, koma matupi a mabogi ndipanga atsopano a makatoni ndi zitini, ooneka ngati a kwathu. Mtengo wake ndi woti dziko langa lachepanso, latsala mamita osakwana 450. Phindu lake ndi loti munthu akhala wa masentimita pafupifupi atatu, msinkhu umene chala cha mwana chingaumbe ndi dongo, mutu ndi dengu lake lomwe.

Pulani yoyamba imene ndinajambula inali ya mtima, osati ya tepi. Ndinkafuna njanji yochoka ku Golomoti, kukwera chitunda cha Khwekhwerere, kudutsa ku Bembeke ndi pa boma la Dedza, n'kudzaima pasiteshoni yolembedwa Kabwazi, mabogi atadzaza mbatatesi, nyemba ndi soya. Ndi mwana uti wa kuno amene sakanaomba m'manja? Koma nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Golomoti ali pamwamba pang'ono, ndipo boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600. Pakatipo pali chikweza cha mamita 1,000. Gudumu lachitsulo pa chitsulo limaterera, ndiye sitima yolemera imavutika kale ikamakwera mamita awiri pa mamita 100 aliwonse. Pa mlingo umenewo, kukwera chitunda chimenechi kungafune makilomita 50 a njanji yozungulirazungulira m'mapiri, milatho ndi mapanga obowola. Galimoto imakwera Khwekhwerere ndi giya yoyamba, ikupinda makona akuthwa amene sitima singayese n'komwe. M'denga mwanga chitundacho chikanakhala chotalika mamita oposa 15, kuposa nyumba zitatu zosanjikiza. Ngakhale kanthu kakang'ono, kukweza njanji imodzi kuti idutse pamwamba pa inzake, kamafuna mpata wa masentimita 10, ndiye kuti mamita asanu okwera ndi asanu otsika. Ine ndili ndi 7.

Ndikanatha kuimira pamenepo n'kunena kuti mapiri ndiwo anatimana sitima. Ndimo mmene ndinkayankhira ana akafunsa. Koma mbiri ya njanji yathu siivomereza yankho lachidule chotero. Njanji yoyamba m'dziko muno inachoka ku Nsanje, kumene kunkatchedwa Port Herald, kuchigwa kotentha, n'kukwera mpaka ku Limbe ndi Blantyre, pamwamba pa mamita 1,000, ndipo inafika mu 1908. Chikweza chake sichikusiyana kwenikweni ndi chathu. Inakwera chifukwa kumtundako kunali minda ya azungu ya fodya, thonje, khofi ndi tiyi, ndipo eni ake anali atatopa kudalira amtengatenga, anthu athu osenza katundu pamutu kupita naye kumtsinje wa Shire. Mu 1915 inatsikira ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ya kutsidya inalumikiza mtsinjewo ndi doko la Beira, katundu n'kumaoloka pamadzi, mpaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Iyo inkalondola nyanja, kuti ikakumane ndi sitima zapamadzi ku Chipoka, ndipo n'chifukwa chake inadutsa m'munsi mwathu, m'chigwa cha malambe ndi thonje, osayang'ana kumwamba.

Wolemba mbiri Leroy Vail anaonetsa m'nkhani yake ya mu 1975 kuti ngongole za njanji ya ku Beira ndi za mlathowo zinasenzetsedwa dziko la Nyasaland, ndipo zinadya ndalama zimene zikanamanga misewu, sukulu ndi zipatala. Tinganene kuti agogo athu a ku Dedza, amene ankakhoma msonkho ndi kupita ku Joni ndi ku Halale kukaufunafuna, anathandiza kulipira sitima imene ambiri a iwo sanaikwerepo kwawo.

Titalandira ufulu, njanji inapitiriza kutsata amene akuiitana. Mu 1970 inachoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi kuti tifike ku doko la Nacala. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, njanji inachoka ku Salima n'kukwera zitunda mpaka ku Kanengo mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kufika ku Mchinji mu 1980. Kuti ithe makilomita ochepa otsala kukafika ku Chipata, panadutsa zaka 30, mpaka mu 2010. Koma malasha atapezeka ndi mwini wa ndalama, kampani ya Vale ya ku Brazil inadutsitsa njanji m'mapiri a ku Mwanza ndi Neno m'zaka zowerengeka, ndipo njira ya makilomita 912 kuchokera ku Moatize mpaka ku Nacala inatsegulidwa mu 2017. Phiri limaletsa sitima pokhapokha ngati pamwamba pake palibe katundu wa munthu amene mawu ake amamveka.

Sindikunena kuti Kabwazi analandidwa njanji imene inali yake. Ndakhala nawo masamuwa nthawi yokwanira kuti ndione mbali inayo. Sitima imafuna katundu wambiri, wolemera, wochokera pamalo amodzi, chaka chonse. Zokolola zathu zimabalalika m'timinda ta ekala imodzi kapena awiri, zimatuluka miyezi itatu, matumba asanu apa, khumi apo. Katundu wotere mwini wake ndi ngolo, njinga ndi lole. Atandifunsa lero kuti ndisankhe pakati pa siteshoni ndi msewu umene lole siititimira mu Febuluwale, ndisankha msewu osaphethira. Chimene ndikukana ndi kuuza mwana theka la yankho.

Masabata angapo ndinasunga mapepala awiri, lina la njanji ya maloto, lina la njanji imene ilipo, n'kumayesa kuwaphatikiza: mwina kanthambi kakang'ono kokwera m'mbali, mwina kaphiri kongoyerekeza. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pepala la maloto ndalipinda. Amene amamanga njanji zachidole amanama kale mokwanira: amafupikitsa mitunda, amapinda makona kuposa mmene sitima yeniyeni ingapindire, amaika mabogi anayi pamene pafunika 20. Mabodza amenewo ndi a malo ochepa ndipo sapweteka munthu. Koma kulemba dzina la mudzi wathu pasiteshoni imene sinakhalepo, ana n'kumaliwerenga, limenelo ndi bodza la mtundu wina, ndipo mphunzitsi, ngakhale wopuma, sayenera kulikhoma ndi misomali.

Ndiye pulani yatsala yosavuta. Thabwa la masentimita 50 m'lifupi lidzayenda mbali imodzi ya denga, lathyathyathya, loyezedwa ndi levulo. Pamwamba pake padzakhala siteshoni imodzi ya kuchigwa, ya mtundu wa Golomoti kapena Mtakataka, monga ndinaionera ndili mnyamata tikupita ku Mua. Njanji idzagawika pawiri kuti sitima ziwiri zithe kupatukirana, chifukwa njanji yathu ndi ya mzere umodzi, ndipo kudikirana kumeneku ndiko kunkapatsa amayi mpata wogulitsa nzimbe, mango ndi usipa pamazenera. Padzakhala kanthambi kofupika kopakirirapo mabelo a thonje, kanyumba ka mkulu wa siteshoni, ndi mlambe umodzi waukulu wa mawaya okutidwa ndi mapepala. Miyala ya pansi pa njanji ndi mchenga wa kumtsinje wosefedwa, udzu ndi utuchi wonyikidwa mu utoto. Sindidzapanga bwalo loti sitima izingozungulira ikudziluma mchira. Idzatulukira kuseri kwa thirasi ya kumwera, kumene tidzati ndi ku Balaka, n'kukalowa kuseri kwa ya kumpoto, kumene ndi ku Salima. Kuzungulira kumasangalatsa mphindi zisanu zoyamba. Kulandira sitima, kuipatutsa, kuchotsa bogi imodzi n'kulumikiza ina, kumeneko ndiko kumafuna mutu, ndipo ana atatu angagawane ntchito.

Nanga ife a kumtunda? Tidzakhalapo, koma mmene tilili. Kumbuyo kwa siteshoni, pa pulayiwudi yotsamira denga, ndidzajambula mapiri a Dedza ndi msewu wa Khwekhwerere ukutsika mokhotakhota, ndipo pamapeto pake, pamene chithunzi chikukumana ndi thabwa, padzaima lole ya matumba. Loleyo sindipanga ine. Pali anyamata pano amene amapinda mawaya kuposa mmene ine ndingathere, ndipo ndawauza kale kuti ikhale yotalika masentimita 12, kuti agawe okha kutalika kwa lole yeniyeni ndi 64 aone ngati ndawanamiza.

Magetsi sanandivutitse. Masitima amenewa amayenda ndi mavoti osapitirira 12, mphamvu yomweyo ya batire ya sola imene timaunikira usiku ndi kutchajira mafoni.

Funso limene landivuta linachokera kwa mayi a kunyumba omwewo, atayang'ana pepala langa nthawi yaitali. "Mukuti mukupangira ana. Ndiye ana a eni ake azikwera makwerero kupita kudenga kwanu? Wina akagwa mudzawauza chiyani makolo ake?" Anali ndi mfundo. Denga ndi malo a munthu wofuna kubisala, ndipo ndikuganiza kuti azungu ambiri amalikonda chifukwa cha chimenecho. Chinthu chobisika kudenga sichiphunzitsa aliyense. Ndiye ndasintha kamangidwe: thabwa lidzakhala m'zigawo za mita imodzi imodzi, zolumikizana ndi mabawuti, chilichonse chotha kutuluka pa kakhomo ka siling'i. Kudenga kudzakhala komangira ndi kosungira. Tsiku loonetsa, zigawozo zidzatsika, n'kukwera ngolo, kukayalidwa pa madesiki akusukulu. Kakhomoko ndakayeza, ndipo ndiko kalamula kuti thabwa lisapitirire masentimita 50.

Matabwa adzakhala atauma tikamamaliza kukolola, ndipo ntchito idzayamba mu Meyi, denga likazizira. Pakadali pano zonse zili papepala, msomali sunalowe ngakhale umodzi, ndipo pensulo imafufutika. Inu amene munagwira ntchito ku Nyasaland Railways kapena ku Malawi Railways kampani ya Central East African Railways isanatenge njanji mu 1999, madalaivala, magadi, osintha mapointi, okonza njanji pakati pa Balaka ndi Salima, ambiri mwa inu muli m'midzi ya kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mukadutsa ku Kabwazi funsani kwa aphunzitsi a sitima. Mudzaone pepalali, mundilozere pamene thanki ya madzi inkaima ndi mbali imene thonje linkakwezedwera, ndikonze ndisanayambe kukhoma.